Kusankha malo oimikapo kalavani ku New Forest ndi nkhalango zina za ku Britain: mafunso ndi mayankho

Chaka chilichonse Pasaka ikamayandikira, abale ndi anzathu a kuno ku Britain amene agula kalavani (ngolo yogonamo yokokedwa ndi galimoto), kapena akuganiza zobwereka, amandifunsa mafunso ofananafanana. Ambiri mtima wawo uli kunkhalango, ndipo dzina limene silisowa pakamwa pawo ndi New Forest. Ndasonkhanitsa mafunsowo pamodzi ndi mayankho anga. Ndakhazikika kwambiri pa New Forest chifukwa ndi kumene banja lathu lagonako maulendo ambiri, koma zambiri mwa izi zidzakuthandizaninso kwina.

Kodi New Forest ili kuti, ndipo ndi nkhalango yotani?

Ili kummwera kwa England, mbali yaikulu m'chigawo cha Hampshire, pakati pa Southampton ndi Bournemouth. Dzinalo lisakusokonezeni, si yatsopano ayi. Mfumu William the Conqueror anaipatula cha m'ma 1079 kuti azisakako nyama, ndipo inakhala National Park mu 2005.

Munthu amene akamva mawu akuti nkhalango amaona mapaini a ku Chikangawa kapena a paphiri la Zomba adzadabwa akafika. Mitengo ikuluikulu yakalekale ilipo ndithu, ya oak ndi beech, koma dera lalikulu ndi tchire lalifupi, madambo ndi mabwalo a msipu, kumene mahatchi, ng'ombe ndi abulu amangoyenda opanda m'busa. Zimenezi zikukhudza kasankhidwe kanu, chifukwa malo awiri onse akhoza kulemba kuti ali "m'nkhalango", pamene ena ali pansi pa mitengo ndipo ena ali pambalambanda pomwe mphepo imawomba usiku wonse.

Choyamba kuganizira n'chiyani posankha malo?

Ambiri amayamba ndi mtengo wa usiku umodzi kapena zithunzi za pa intaneti. Ine ndimati yambani ndi kalavani yanu ndi anthu amene mukupita nawo. Dzifunseni kuti mungathe masiku angati opanda magetsi a pachingwe, opanda bafa ya panja, mukugwiritsa ntchito chimbudzi cha m'kalavani mokha.

Ndikutero chifukwa ku New Forest nkhani yake ndi iyi: malo amene ali m'kati mwenimweni mwa nkhalango ndi amene ali ndi zinthu zochepa, ndipo amene ali ndi chilichonse, shopu, dziwe losambira, makina ochapira, kawirikawiri ali m'mphepete, kuseri kwa mpanda. Dera lalikulu la nkhalangoyi ndi lotetezedwa, choncho sangangokumba ngalande za mapaipi ndi nthambo za magetsi pakati pa mizu ya mitengo ya zaka mazanamazana. Simungapeze zonse ziwiri pamalo amodzi. Walira mvula walira matope. Mukafuna kudzuka m'mawa n'kupeza hatchi ikudya msipu pafupi ndi zenera, mulolere kutunga madzi pampopi wa aliyense ndi kukataya nokha za m'chimbudzi. Kwa ine zimenezi n'zoyenerera kuvutikira, ndipo ndimadandaula ndikaona banja layenda maola anayi kukakhala sabata yathunthu m'kati mwa mpanda, nkhalango osaiponda n'komwe.

Koma ngati muli ndi khanda, kapena mwatenga agogo amene abwera kudzacheza kuchokera kumudzi, musadzikakamize. Malo okhala ndi bafa ya madzi otentha ndi abwino kwa inu, ndipo kunkhalango muzipita masana.

Pali mitundu ingati ya malo?

Woyamba ndi malo amene ali panthaka ya nkhalango yeniyeni, imene bungwe la boma la nkhalango la Forestry England limayang'anira, monga Hollands Wood, Ashurst, Roundhill, Holmsley, Setthorns, Ocknell, Denny Wood ndi Matley Wood. Malo amenewa amasiyana kwambiri. Hollands Wood ili pansi pa mitengo ya oak, ulendo wapansi kuchokera ku Brockenhurst, ili ndi zimbudzi ndi mabafa, koma ili m'mbali mwa msewu wa A337, ndiye amene ali pafupi ndi msewuwo amamva magalimoto. Ashurst ili pafupi ndi siteshoni ya sitima, zomwe ndi zabwino kwa wachibale amene akukutsatirani pa sitima, koma phokoso la sitimazo limamvekanso. Holmsley inamangidwa pabwalo la ndege la nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, n'chifukwa chake ndi yathyathyathya ndi yotakasuka, ndipo ili ndi malo olumikizira magetsi. Denny Wood ndi Matley Wood akhala kwa zaka zambiri opanda zimbudzi ndi mabafa, ndipo ndi kumene kuli zii.

Wachiwiri ndi malo a makalabu awiri akuluakulu, Caravan and Motorhome Club ndi Camping and Caravanning Club. Chitsanzo ndi Black Knowl, kufupi ndi Brockenhurst. Kumeneko zonse zimakhala zadongosolo, ndipo kwa munthu amene akukoka kalavani koyamba ndi poyambira pabwino.

Makalabu omwewa ali ndi timalo ting'onoting'ono, nthawi zambiri pafamu ya munthu, pomwe saloledwa kulandira makalavani opitirira asanu nthawi imodzi. A Caravan and Motorhome Club amatitchula kuti CL, enawo amati CS, ndipo timakhala ta mamembala. Anthu athu ambiri satidziwa, chikhalirecho ndi totchipa ndi tabata. Pomaliza pali malo akuluakulu a tchuthi okhala ndi zosangalatsa ana zambiri ndipo mtengo wake ndi wokwererapo.

Alemba kuti palibe chimbudzi. Ndiye anthu amatani?

Amagwiritsa ntchito cha m'kalavani, ndipo pamalo otere sakulandirani ngati mulibe chanu. Kalavani zambiri zili ndi chimbudzi chokhala ndi thanki yaing'ono imene mumaisolola kunja n'kukakhuthula pamalo ake apadera. Banja la anthu anayi likhoza kudzaza thankiyo pa masiku awiri. Chofunika kufunsa ndi kutalika kwa mtunda kuchoka pamene mwaimika kukafika pokhuthulira ndi pampopi, chifukwa madzi okwana malita 40 ndi makilogalamu 40, ndipo kuwagubuduza m'matope tsiku ndi tsiku kumatopetsa. Madzi otsukira mbale ndi osamba nawonso ali ndi potayira pake. Musawathire paudzu monga tichitira kuseri kwa khitchini kwathu, chifukwa sopo ndi mafuta zimaononga nthaka ndipo fungo la chakudya limaitana ziweto.

Kodi magetsi ndi ofunika kwenikweni?

M'miyezi yotentha, ayi. Batire ya kalavani yodzaza bwino imayatsa nyali ndi pampu ya madzi kwa masiku angapo, ndipo firiji, chitofu ndi chotenthetsera madzi zimayendera gasi. Nsima imapsa bwinobwino pachitofu cha gasi. Amene amadalira sola akumbukire kuti pansi pa mitengo yowirira dzuwa limafika lochepa.

Kuyambira Okutobala mpaka Epulo ndi nkhani ina. Usiku kumazizira, kumada msanga, ndipo ndi bwino kupeza malo a magetsi. Mukawapeza, funsani kuti ndi ma amp angati, ndiko kuti muyeso wa magetsi amene mungakoke nthawi imodzi. Ena amapereka 16, ena 10, ena 6 okha. Pa mphamvu ya 230 volts, ma amp 10 ndi ma watt pafupifupi 2,300, pamene ketulo ya m'nyumba payokha imadya mpaka 3,000. Mukaiyatsa magetsi amathima nthawi yomweyo, mwinanso kuthimitsa a anansi anu. Gulani ketulo yaing'ono ya pakalavani kapena wiritsani madzi pagasi. Chingwe cha mamita 25 chimafika pafupifupi paliponse, ndipo muzichitambasula chonse, chifukwa chikakhala chopindapinda chimatentha.

Pansi pa mitengo kapena poyera? Paudzu kapena pamiyala?

Pansi pa mtengo pamakopa aliyense, koma ganizirani kaye. Mvula ikasiya, mtengo umapitiriza kudontheza madzi padenga kwa maola ambiri. Mu Sepitembala ndi Okutobala nthanga za oak zimagwa usiku wonse, ndipo padenga la kalavani zimamveka ngati wina akugenda. Mbalame zimadetsa denga, ndipo kukakhala chimphepo nthambi youma ikhoza kuthyoka. Ine ndimakonda m'mphepete mwa mitengo, pomwe dzuwa la m'mawa limafika n'kuumitsa mame koma masana mthunzi uli pafupi.

Pobukitsa mudzaona mawu akuti hardstanding. Amatanthauza malo othiridwa timiyala kapena konkire. Mvula ikagwa masiku atatu otsatizana, galimoto yokoka ndi mateyala akutsogolo okha imavutika kutulutsa kalavani paudzu wonyowa. Zinatichitikirapo mwezi wa Okutobala pafamu ina, mpaka mwini wake anabwera ndi thirakitala. Kunja kwa miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndimasankha pamiyala ngati alipo. Nyamulaninso timatabwa kapena zokwezera mateyala, popeza nthaka ya m'nkhalango siikhala yosalala, ndipo firiji ya gasi siizizira bwino kalavani ikapendekeka.

Nanga msewu wokafikira?

Funso limeneli anthu amalikumbukira atapanikizika kale. Musadalire mapu a pafoni okha, chifukwa sadziwa kuti kumbuyo kwanu kuli kalavani. Malo ambiri amalemba njira yoyenera kudzera, ndipo muitsate ngakhale ioneke yozungulira. Kuzungulira Brockenhurst kuli malo pomwe msewu umadutsa m'madzi ndiponso milatho ya sitima yofupika. Tauni ya Lyndhurst, pomwe A35 ndi A337 zimakumana, imadzaza kwambiri Loweruka m'nyengo ya tchuthi, ndipo mukhoza kuima pamzere nthawi yaitali. M'misewu yopanda mpanda ya m'nkhalango liwiro silipitirira mamailosi 40 pa ola, koma usiku ndi m'chifunga ngakhale 40 yo ndi yochuluka. Yesetsani kufika kusanade.

Kodi laisensi yanga ikundilola kukoka kalavani?

Kuyambira pa 16 Disembala 2021, amene ali ndi laisensi ya galimoto ya ku Great Britain amaloledwa kukoka ngolo yolemera mpaka makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena. Amene mwabwera posachedwa, kumbukirani kuti laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pamene munakhazikika kuno, kenako muyenera kukhoza mayeso a kuno. Za ku South Africa ndi Zimbabwe zili m'gulu la zimene zimatheka kusinthitsa.

Chilolezo ndi china, luso ndi lina. Makalabu amalangiza ongoyamba kuti kalavani itapakiridwa isapitirire 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto. Galimoto ya makilogalamu 1,600 ikoke kalavani yosapyola 1,360. Pokoka, liwiro ndi mamailosi 60 pa motorway ndi pamisewu yogawidwa pakati, 50 pamisewu wamba, ndipo simuloledwa kulowa mzere wakumanja kwenikweni pa motorway ya mizere itatu. Magalasi owonjezera oonera kumbuyo ndi ofunika ngati kalavani ndi yotambalala kuposa galimoto.

Mahatchi amenewa ndi a ndani? Kodi ndi oopsa?

Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe alendo ambiri amalakwitsa. Mahatchiwa si nyama zakuthengo. Iliyonse ili ndi mwini wake. Eni akewo amatchedwa ma commoner, anthu amene malo awo ali ndi ufulu wakalekale wodyetsa ziweto m'nkhalangomo. Pali bwalo la ma Verderer limene limakumana ku Lyndhurst kuyang'anira ufulu umenewu, ndipo lili ndi antchito ake, ma agister, amene amayendera ziwetozo. Ife amene tinakulira kumene dambo ndi la mudzi wonse ndipo ng'ombe za mabanja osiyanasiyana zimadyera pamodzi, dongosolo limeneli si lachilendo. Ndipo tikudziwanso kuti chiweto cha mwini sumangochipatsa chakudya. Nkhalangoyi ikuoneka mmene ikuonekeramu chifukwa cha ziweto zomwezi. Zitachoka, mabwalo a msipu aja angasanduke zitsamba zokhazokha.

Kuyambira mu Julayi 2023, kudyetsa kapena kusisita mahatchi ndi abulu ndi mlandu. Chindapusa chake ndi mapaundi 100, ndipo nkhani ikapita kukhoti chikhoza kufika 1,000. Chifukwa chake n'chomveka. Hatchi yozolowera kupatsidwa chakudya imayamba kuyembekeza anthu m'mbali mwa msewu, ndipo kumeneko ndi kumene imagundidwa. Imayambanso kuluma ndi kuponda anthu, makamaka ana onyamula chakudya m'manja. Karoti kapena apulo zikhoza kuitsamwitsa, ndipo udzu wometa pakapinga ukhoza kuipha.

Pamalo ambiri a m'kati mwa nkhalango ziwetozi zimalowa mpaka pakhomo pa kalavani. Zimadziwa kutsegula chikwama ndi kung'amba tenti ya pakhonde. Chakudya chonse chizikhala m'kalavani kapena m'galimoto, zinyalala zisagone panja. Ngati muli ndi ana aang'ono amene sangamvetse zotalikirana ndi hatchi yokhala ndi mwana, sankhani malo a mpanda. Mukagunda chiweto pamsewu, lamulo likuti mudziwitse apolisi, ngakhale chiwetocho chitadzuka n'kuthawa.

Tingawotche nyama? Nanga mbaula?

Kuthengo kwa nkhalango ayi. Lamulo lina la mu Julayi 2023 momwemo linaletsanso kusonkha moto ndi kuwotcha nyama m'nkhalango ndi m'malo oimika magalimoto, chifukwa tchire la kumeneko likauma limayaka ngati lupsa la mu Okutobala kwathu, ndipo moto umalowa pansi m'nthaka. Pamalo a kalavani malamulo amasiyana. Ena amalola chowotchera cha miyendo chosakhudza udzu, ena cha gasi chokha, ndipo kukauma kwambiri amaletsa zonse. Ngati kanyenya ndi gawo lalikulu la tchuthi chanu, funsani musanalipire.

Chimene ndikupempha ndi mtima wonse ndi ichi: makala, kaya akuyaka kaya akuoneka ngati azima, asalowe m'kalavani kapena m'tenti ya pakhonde. Amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Nkhani za mabanja ogona ndi mbaula m'nyumba mu Juni timazidziwa, ndipo kalavani ndi yaing'ono kuposa chipinda chilichonse. Mukhale ndi alamu ya mpweyawu ndipo muiyese musananyamuke.

Nyengo yabwino yopitira ndi iti?

Ine ndimakonda kumayambiriro kwa Juni ndi mu Sepitembala. Mu Meyi ndi Juni mahatchi amakhala ndi ana ndipo dzuwa limalowa mochedwa kwambiri. Chakumapeto kwa Ogasiti tchire limachita maluwa ofiirira mpaka kumene maso alekeza. Kuyambira cha mu Sepitembala eni ziweto amatulutsa nkhumba kwa masiku osachepera 60 kuti zidye nthanga za oak, zimene zimadwalitsa mahatchi ndi ng'ombe zikadya zambiri. Mwambowu umatchedwa pannage, ndipo ana amasangalala kuona nkhumba zikufukula masamba m'mbali mwa njira.

Kuyambira kumapeto kwa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala sukulu zimakhala zitatseka, mitengo imakwera, malo amadzaza. Chimodzimodzi pa Pasaka ndi pamaholide a Lolemba a mu Meyi ndi kumapeto kwa Ogasiti. Pa nthawi zimenezo bukitsani kutatsala miyezi. Malo ambiri a m'kati mwa nkhalango amatseka nyengo yozizira.

Tili ndi ana, tilinso ndi galu.

Kwa ana, yang'anani malo oyandikana ndi njira za njinga, monga ozungulira Brockenhurst ndi Burley, kuti musamadzutse galimoto tsiku lililonse. Njinga zimaloledwa m'njira zoikidwa zizindikiro zokha. Ku Bolderwood kuli pokwera poonera agwape, ndipo ku Rhinefield kuli mitengo italiitali ya redwood imene inadzalidwa m'zaka za m'ma 1800. Tsiku la mvula, nyumba yosungira magalimoto akale ku Beaulieu imatha tsiku lonse.

Madzulo aliwonse yang'anani ana nkhupakupa, kuseri kwa mawondo, m'khwapa ndi m'tsitsi. Zina zimafalitsa matenda a Lyme. Zuleni ndi kachipangizo kake kogulitsidwa kufamase, osaiwotcha kapena kuipaka mafuta. Pamalo polumidwa pakatuluka chizere chozungulira chomakula, kapena mwana akatentha thupi, kaonaneni ndi dokotala. Pakhungu lakuda chizerecho sichioneka msanga, ndiye yang'anitsitsani pamalo owala.

Agalu saloledwa pamalo ena, ndipo pomwe amaloledwa amakhala pachingwe. Kuyambira Malichi mpaka Ogasiti mbalame zina zimaikira mazira pansi m'tchire, choncho inu ndi galu musachoke m'njira zazikulu.

Bwanji osangogona pamalo oimika magalimoto kuti tisalipire?

N'zoletsedwa. Ku New Forest kugona usiku kumaloledwa pamalo ovomerezeka okha, ndipo pafupifupi ku England konse pamafunika chilolezo cha mwini malo. Ufulu wogona kuthengo umene mumamva wa ku Scotland ndi wa oyenda pansi ndi tenti, sukhudza galimoto kapena kalavani.

Ngati New Forest yatalika kapena yadzaza, kwina n'kuti?

Okhala ku Birmingham, Bristol kapena Cardiff ali pafupi ndi Forest of Dean, ku Gloucestershire. Kumeneko mitengo ndi yowirira, kuli zitunda, mtsinje wa Wye uli pafupi, ndipo kuli nguluwe zimene zimafukula kapinga usiku. Malo a Bracelands, kufupi ndi Coleford, ndi odziwika. A ku Nottingham ndi Leicester ali ndi Sherwood Pines, ndipo a kummawa ali ndi Thetford Forest, yathyathyathya ndi ya mchenga, yosavuta kwa wokoka koyamba. Amene mwasowa Chikangawa pitani ku Kielder, ku Northumberland, nkhalango yodzalidwa ndi anthu, kapena ku Galloway ku Scotland, imene mu 2009 inazindikiridwa kuti ndi dera la mdima weniweni woonera nyenyezi. Ndi kumeneko kokha kuno kumene ndinaonako thambo lofanana ndi la kumudzi. Koma mashopu ndi malo omwetsera mafuta ali patalipatali, netiweki ya foni imasowa, ndipo m'miyezi yotentha kuli tizilombo touluka totchedwa midges timene timaluma m'chigulu madzulo kukakhala kopanda mphepo.

Tikufuna kupita mabanja angapo, ndipo abale ena adzabwera kudzationa masana. Zimatheka?

Zimatheka, koma nenani poyera pobukitsa. Malo ambiri ali ndi malire a chiwerengero cha anthu pakalavani imodzi, ena salandira magulu akuluakulu, ndipo alendo a masana amawalembetsa pageti, kwina amalipiritsa galimoto yawo. Kwa ife, m'bale akamva kuti muli pafupi ndi Southampton amangonyamuka ndi mapoto a chakudya, ndipo n'zosangalatsa, koma woyang'anira malo akaona magalimoto anayi osawayembekezera akhoza kuwabweza pageti. Kuimika moyandikana sikutanthauza kugundana, chifukwa malo ambiri amafuna mpata wa mamita 6 pakati pa makalavani poopa moto.

Phokoso limaletsedwa cha m'ma 10 kapena 11 koloko usiku, ndipo m'nkhalango mawu amapita kutali. Kwa eni kulibe mkuwe. Ngati cholinga ndi kucheza mpaka pakati pa usiku, kuimba ndi kupemphera pamodzi mokweza, njira yabwino ndi kufunsa mwini kamalo kamodzi ka makalavani asanu kaja ngati angalole kuti mutenge malo onse asanu, aliyense ali membala wa kalabu. Mufunseninso nthawi imene amatseka geti usiku, kuti obwerera ku London kapena ku Reading atuluke nthawi isanakwane.